Pikapu Ziwiri za a Laston

"Nanga ichi anaphwasula ndani?" anafunsa a Cornelius atavundukula chitenje chimene chinali patebulo.

Belita anakweza maso. Anali atakhala pamkeka pafupi ndi khomo, m'mutu mukumuyabwa momwe lumo linadutsa dzulo lake. Chitenjecho anayala yekha tsiku limene amuna ake, a Laston, anagwa pampando, ndipo masiku asanu anali atatha asanayang'aneko. Tsopano gitala ya besi ya a Laston inali gone chagada, nsambo zake zinayi zili lende, pamimba pake pali dzenje lotuluka timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda. Masikuluu anali m'chivindikiro cha botolo. Magalasi a malemuwo anali pambali, mwendo umodzi wopindika.

"Anaphwasula ndi eni ake, alamu," anatero Belita. "Imfa inawapeza asanabwezeretse."

A Cornelius anali mkulu wawo wa a Laston. Anatsalira pamene anthu ena a kwawo ku Kaduya ankabwerera, kuti alongosole za katundu wa m'bale wawo. A Laston anali mkamwini pamudzipo, choncho nyumba, munda wa nandolo ndi dimba la mpunga zinali za kwa Belita, ndipo panalibe amene akanazikhudza. Koma zimene mwamuna ankavala ndi kugwira m'manja mwake zinayenera kubwerera kumtundu kwake. Malaya ndi nsapato anali atazimanga kale m'thumba. Njinga inali itatsamira pamtengo wa mango, ikudikira.

"Iyi ipita kwa Dave, mwana wa mlongo wathu," anatero a Cornelius akugogoda gitalayo ndi chala. "Laston ndiye anali malume ake. Akuimba m'bandi ku Limbe."

Loyce, mwana yekhayo wa Belita ndi a Laston, amene ankaphunzitsa ku Zomba, anasiya kupinda mabulangete a alendo.

"Bandi ya m'mabala, abambo aakulu? Gitala imene yaimba m'tchalitchi zaka makumi awiri?"

"Gitala siidziwa bala, siidziwa tchalitchi. Ndi thabwa ndi waya basi."

"Amayi, mukungomvera?"

"Atenge," anatero Belita.

Mawuwo anatuluka ouma kuposa m'mene ankafunira. Loyce anamuyang'ana ngati sakumudziwa, kenako anatuluka ndi mabulangete aja.

A Cornelius anakoka mpando, koma atazindikira kuti ndi womwe m'bale wawo anagwapo, anaubweza nakhala pabenchi. Anati sangayende ndi chinthu chophwasuka, chifukwa Dave adzati amalume ake anachiwononga panjira. Pafunika munthu wochibwezeretsa. Ali panja, Loyce anayankha kuti aimbira foni Goodman, wokonza mawailesi ndi mafoni pa Migowi, amene ankaimba gitala yaing'ono m'kwaya imodzi ndi bambo ake.

Anatsala awiri. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kuthetheretsa malata. Kuseri kwa nyumba kunali kudakali phulusa la moto wa pamaliro, ndipo nkhuku zinkapalasa m'menemo kufuna zotsala. A Cornelius anavula chipewa, nachiika pabondo.

"Alamu, pali mawu amene ndawasunga kuyambira tsiku la kumanda. Anthu atandiuza kuti a dokotala anamuchenjeza kale za kuthamanga kwa magazi, mtima wanga sunakhale pansi. Anamuuza kuti apite ku Blantyre akamupime bwino. Inu munali pati? Munthu mukugona naye m'nyumba imodzi, mungalephere kumukankha?"

Belita anawayang'ana m'maso. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira chimango cha chitseko. Anapita patebulo, natsegula dirowa, natulutsa kabokosi kakang'ono konyezimira. Anakaika pabenchi, pambali pa a Cornelius.

"Ndinawakweza minibasi pa Migowi ndi manja angawa, alamu. Kalata ya a dokotala ndinawaikira m'thumba la malaya ndekha. Anabwera madzulo akumwetulira. Chipatala chimene anapita ndi ichi."

A Cornelius anatsegula kabokosiko. Munali kanthu kakuda, kotalika ngati chala chapakati, kokhala ndi timitu tachitsulo pamwamba.

"N'chiyani chimenechi?"

"Pikapu."

Tsiku loyamba kumva mawu amenewa, zaka zambiri zapitazo, Belita anaseka mpaka misozi, akufunsa amuna ake kuti galimotoyo aziimika pati poti pakhomo panalibe ndi msewu womwe. A Laston anamukhazika pansi namusonyeza kuti pikapu ndi kachipangizo kokhala pansi pa nsambo, kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambozo n'kukutumiza ku sipika. Popanda iko, besi ndi wosalankhula. Koma tsiku lochokera ku Blantyre lija Belita sanaseke. A Laston anati pachipatala panali mzere wofika kumsewu, ndipo anaona kuti akadikira apeza sitolo ya ku Limbe itatsekedwa. Anati adzapitanso mwezi wamawa. Belita anakhala masiku atatu osawalankhula. Patatha sabata ziwiri, akuchokera kumjigo, anawapeza pansi, kukamwa kutapotoka, sikuludiraiva ikadali m'manja.

Zonsezi Belita anawauza a Cornelius mwachidule, ataimirira. Atamaliza anabwerera pamkeka pake.

"Ndiye mukati mutenga gitalayi, ine sindikukanizani. Yandidyera munthu."

A Cornelius anatseka kabokosiko mosamala. Sanapepese. Anangoyang'ana pansi, akupukusa chipewa chija.

Goodman anafika dzuwa lili pamutu, atamanga ampu yokwezera mawu a gitala ndi batire la galimoto kumbuyo kwa njinga. Anali bambo wa zaka za m'ma fote, wochepa thupi, zala zake zodzaza zipsera za moto. Anapereka moni atagwada, koma ataona magalasi aja patebulo, anatembenukira kukhoma kanthawi ngati akufuna poika chikwama chake.

"Ikani iyi," anatero a Cornelius akumupatsa kabokosi kaja. "Ndikufuna ndinyamuke dzuwa lisanapendeke."

"Nanga inayo ili kuti, mayi?" Goodman anafunsa Belita.

"Inanso iti?"

Goodman anapisa dzanja mkati mwenimweni mwa dirowa, natulutsa kanthu kokulungidwa m'kampango. Inali pikapu inanso, yakale, yokandikakandika, m'mbali mwake muli phula louma lachikasu.

"Iyi ndi imene inabwera ndi gitalayi. Mukukumbukira namondwe uja, mayi, madzi atalowa m'mudzi muno?"

Belita ankakumbukira. A Laston anabereka nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo kupita nayo kusukulu kumene anthu anathawira, ndipo gitala inatsala m'matope masiku awiri. Anaitsuka, anaiyanika pamthunzi, anaipala ndi kuipakanso vanishi, koma kuyambira pamenepo ikalumikizidwa inkalira ngati njuchi za mumng'oma.

"Madzi anadya waya wa mkati," anapitiriza Goodman, tsopano akulankhula kwa a Cornelius. "Mkati mwa kanthu aka muli maginito, ndiye amazunguliza waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, maulendo masauzande. A Laston anachotsa wakalewo, ine ndinawapezera wina m'zipangizo zakale za kushopu, iwo n'kukulunga okha. Waya ukaduka pakati, ankayambiranso. Anayambiranso kanayi."

Belita anakweza mutu. Anakumbukira masabata amene amuna ake anabwereka makina ake osokera, akupukusa chogudubuza pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Iye ankayesa kuti akupemphera. Kani ankawerenga maulendo a waya uja. Anakumbukiranso kapoto kake ka tiyi kamene anakapeza kali phula lokhalokha, ndi m'mene anakalipira tsiku limenelo mpaka anthu odutsa anaima.

"Nanga ngati anakonza yekha, ankagulanso ina chifukwa chiyani?" anafunsa a Cornelius.

"Njuchi zija zinachepa koma sizinathe. Ena a kwaya ankadandaula kuti pa nthawi ya pemphero pamamveka kulira. Ndiye anagula yatsopanoyi, imene imapha phokoso limenelo. Koma atabwera nayo anasowa mtendere. Ankaika iyi, kumvetsera, kuchotsa, kuika inayo. Lachitatu lomaliza lija anandiimbira foni, akuti, 'Goodman, yatsopanoyi ndi yaukhondo, koma sikundidziwa.' Sanandiuze kuti asankha iti."

"Ndasankha ine. Ikani ya m'bokosi."

"Pepani bambo, ndingapemphe kuti mumve kaye zonse ziwiri? Sizitenga nthawi. Eni akewo ankati pikapu sasankha ndi maso."

A Cornelius anakweza mapewa. Belita anatenga lichero la nandolo nakakhala pakhonde, atafulatira chitseko. Sankafuna kuona. Loyce anabwera kudzakhala naye, ndipo awiriwo anayamba kusola osalankhulana.

M'nyumba munamveka kugogoda kwa zitsulo, kenako kulira kwa nsambo zikukungidwa. Goodman anayamba ndi yatsopano ija. Anaimba mizere ingapo ya nyimbo ya m'buku imene kwaya inkatsegulira mapemphero. Mawu ake anali oyera, akuthwa, liwu lililonse loima palokha ngati belu la kusukulu. Panalibe njuchi ngakhale imodzi.

"Eya, chinthu ndi chimenecho," anatero a Cornelius.

Belita anapitiriza kusola. Zinali ngati wailesi ya munthu wina ikulira kutsidya kwa msewu.

Panadutsa kanthawi, Goodman akulumikiza pikapu yakale ija mongoyesa. Kenako anamva kulira kuja, kwapansipansi, kwa njuchi zochepa. Goodman anakhudza nsambo yaikulu.

Liwulo silinalowere m'makutu. Linabwera ndi pansi, linadutsa m'simenti ya khonde, linakwera m'miyendo n'kukhazikika pachifuwa. Mbale za pashelefu zinanjenjemera. Linali liwu lonenepa, losalala pang'ono ngati la munthu amene wangodzuka kumene, liwu limene Belita ankalimva ali kudimba Loweruka masana n'kudziwa kuti pakhomo pali munthu. Ndi lomwelo limene linkamupeza ali pamzere wachitatu wa amayi m'tchalitchi, osatembenuka, koma akudziwa kuti amuna ake aima kumbuyo pafupi ndi zenera, maso ali chotseka.

Lichero linapendekeka, nandolo n'kumwazika pakhonde. Belita anadzuka, nazungulira kuseri kwa nyumba, nakagwira nkhokwe ndi manja onse awiri. Pamaliro analira monga mkazi wamasiye amayenera kulirira, amayi anzake atamugwira uku ndi uku, koma m'maso munali mouma, chifukwa mkwiyo unali utatseka njira. Tsopano panalibe womugwira kapena womuona. Analira kukamwa kuli chotseka, mapewa akugwedezeka, mpaka mphuno inatsekeka. Anawatukwana a Laston chamumtima, anawatchula chitsiru, munthu wosamva, kenako anawaitana ndi dzina limene ankawaitana ali awiri okha. M'nyumba Goodman anali atasiya kuimba.

Atabwerera anapeza Loyce akutola nandolo uja mmodzimmodzi. Analowa m'nyumba akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Ikani yachiwiriyo, a Goodman."

"Koma ikulira njuchi, alamu," anatero a Cornelius.

"Ndazimva."

"Paja munati nditenge."

"Mutenga. Mwambo ndikuudziwa, sindikulimbana nawo. Koma isatuluke m'nyumba muno ndi mawu a mlendo. Yatsopanoyo mupatseni Dave m'bokosi mwake momwemo, akachite nayo zimene akufuna. Ine sindifuna kuionanso."

A Cornelius anangoyang'ana nkhope ya mlamu wawoyo. Goodman sanadikire kuti auzidwe kawiri. Anatenthetsa chowotcherera chake, nagwira timawaya tija, kofiira ndi kakuda, pomwe a Laston anasiyira, nalumikiza. Kautsi kopyapyala kanakwera, ndipo fungo lake linadzaza m'chipindamo. Kwa Belita linali fungo la malaya a amuna ake. Belita anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi mwendo wa tebulo, ndipo ndi iye amene ankapereka masikuluu kuchokera m'chivindikiro chija, imodzi imodzi, Goodman akatambasula dzanja.

Pikapu itakhala m'malo mwake, Goodman anaikweza pang'ono mbali ya nsambo zing'onozing'ono, naitsitsa mbali ya yaikulu, akumvetsera mutu uli chopendekeka. Anachuna nsambo zonse zinayi. Kenako anapukuta thupi la gitalayo ndi kampango kaja naipereka kwa a Cornelius.

Mkuluyo anailandira movutikira, ngati munthu amene wapatsidwa khanda la eni. Anaiika pamiyendo. Anakoka nsambo imodzi ndi chala chake chokhakhala ndi khasu, ndipo liwu lija linadzazanso m'nyumba.

"Ikumveka pansi kwambiri. Ku Limbe angaimve ndani imeneyi? Pokwezera ndi pati?"

Goodman anawalozera batani la voliyumu. A Cornelius analipotoza, koma litafika pakati linaima. Anayesanso mwamphamvu. Linakana.

"Ichinso chawonongeka."

"Ayi bambo, musakakamize. Taonani apa."

Onse anaweramira pomwepo, ndi Loyce yemwe amene anali ataima pakhomo. Pambali pa batanilo panali kasikuluu kakang'ono kokhomedwa m'thabwa, mutu wake utada ndi thukuta la zaka zambiri. Pabatanipo panali kamsomali kotulukira kunja, kamene kankadzagunda pakasikuluuko.

"Anakhoma okha chaka chimene kwaya inagula ampu," anatero Goodman. "Ankati nyimbo ikafika pokoma, dzanja limaiwala, limakweza lokha, ndiye amayi akutsogolo samvekanso. Anati kusiyana n'kudalira mtima wake, kuli bwino adzitsekere. Ife tinawauza kangapo kuti achotse, makamaka tikapita kumisonkhano ya panja. Ankangoseka."

Belita anali atakhala ndi gitala imeneyi m'nyumba zaka zonsezi, akuisuntha posesa, akuipukuta fumbi, koma kasikuluuko anali asanakaonepo.

"Ndingachotse, bambo, ngati Dave akufuna phokoso," anatero Goodman akutola sikuludiraiva. "Ndi ntchito ya mphindi imodzi."

A Cornelius anaweramiranso pagitalayo. Anaika chala chawo chachikulu pamutu pa kasikuluuko, nachisiya pomwepo. Ananena mawu ena m'Chilomwe, motsitsa kwambiri moti Loyce sanawamve. Atalankhulanso, mawu awo anali osasa.

"Tili anyamata ku Kaduya, pa gule wa tchopa, ng'oma yaikulu ankaimba ndi iyeyu. Ankaika chigongono pachikopa kuti isalire kwambiri. Ife tinkamuseka kuti alibe mphamvu. Ine ndi amene ndinkayambitsa." Anasisita kasikuluu kaja. "Ndakhala ndikumuyesa wofooka mpaka lero."

Goodman anabweza sikuludiraiva ija m'chikwama.

"Lamlungu ikaimbe kutchalitchi kwanu," anatero a Cornelius osayang'ana munthu. "Ndidzabwera Lolemba kudzaitenga. Dave ndikamuuza ndekha kuti tsiku limene adzazule aka, gitala idzabwerere kuno."

Loyce anafuna kulankhula, koma Belita anamugwira mwendo. Lolemba linali pafupi, ndipo ankadziwa kuti ikadzachoka sadzaimvanso. Anangogwedeza mutu kuvomera.

A Cornelius anakokanso nsambo yaikulu ija. Ikulira choncho, anagwira batani lija ndi zala ziwiri, nalibweza m'mbuyo pang'onopang'ono, kutsika kuposa pamene m'bale wawo anaikira malire, mpaka m'nyumbamo munayamba kumveka mawu a amayi amene ankadutsa panjira kuchokera kuchigayo.